Pakhomo Pathu: Netiweki Yatsika Pachulu, Yalowa M'nyumba

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Nkope kuli chulu chachikulu, ndipo pambali pake pali mlambe. Kwa zaka zambiri chulu chimenechi ndicho chinali ofesi ya mudzi wonse. Wofuna kulankhula ndi mwana wake wa ku Joni amakwera pamenepo. Wofuna kuona ngati ndalama yalowa mufoni amakwera pomwepo. Amayi ogulitsa usipa, pofuna kumva mtengo wa ku Limbe asanakweze matumba, amakweranso pomwepo, dzanja lili m'mwamba ngati akufunsa funso m'kalasi ya Sukulu ya Sabata. Pamwamba pake udzu unaleka kumera kalekale. Tinkaseka kuti zinsinsi zonse za m'mudzi muno wozidziwa bwino ndi chiswe.

Kusekako kunatha usiku wina wa mu Januwale. Mwana wathu wamkazi anali woyembekezera, mimba yoyamba, ndipo anabwera kudzakhala ndi amayi ake. Kusikelo anamuuza kuti masiku akayandikira apite kuchidikiro. Amene tinazengereza ndife makolo. Tinkati masiku akadalipo, tiyambe tamaliza kubandira. Matenda anayamba cha m'ma 11 koloko usiku, mvula ili pakati, kunja kukung'anima. Mwini galimoto amene tinapangana naye amakhala kumsewu wa tala. M'nyumba munali foni zitatu, koma panalibe ndi imodzi yomwe yoonetsa kamzere ka netiweki.

Mlongo wake wamng'ono, mnyamata wa Fomu 2, anangotola foni n'kunena kuti, "Ababa, ndithamangire pachulu." Ife tinavomera. Tinaima pakhomo, ndipo kukang'anima tinkamuona: mwana ali chilili pamalo okwera kuposa onse, pafupi ndi mtengo wautali kuposa yonse, dzanja lili m'mwamba. Foni inalowa ulendo wachinayi. Galimoto inabwera, mdzukulu wathu anabadwira kuchipatala m'bandakucha, ndipo mayi ndi mwana ali bwino. Timathokoza Mulungu kufikira lero. Koma titamaliza kupembedza kwa m'banja madzulo ake, amayi akunyumba anatiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, dzulo pofuna kupulumutsa mwana mmodzi tinapereka mnzake kwa mphenzi. Mulungu watichitira chifundo, koma tisamuyesenso." Mawu amenewo ndiwo abala nkhani ya mwezi uno.

Pachulu imagwira, m'nyumba ayi: chifukwa chiyani?

Sabata lotsatira titaweruka tinafotokozera zimenezi mnyamata wina wa mumpingo mwathu, amene anaphunzira zamagetsi ndipo amatsogolera Apathfinder. Iye anamwetulira nati, "Ababa, lero ndi Sabata. Ndibwera mawa tidzaone bwino." Anabweradi, ndipo zambiri zimene tikulemba pano tinaziphunzira pakhonde tsiku limenelo ndi masabata otsatira.

Foni yam'manja ndi kawailesi kakang'ono kamene kamamva komanso kuyankha. Imalankhulana ndi nsanja ya kampani kudzera m'mafunde osaoneka amene amayenda pa liwiro la kuwala. Nsanja zambiri zimamangidwa kumene kuli anthu ambiri: m'matauni, m'misika ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu ngati wa M10, umene umachoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay. Mudzi ukakhala kutali ndi nsanja, mafundewo amafika atafooka, monga mmene mawu a munthu woitana ali patali panyanja amafikira.

Kuwonjezera pa mtunda pali zotchinga. Phiri limatchinga kotheratu. Mitengo ya masamba ambiri, makamaka onyowa, imamwako mphamvu, n'chifukwa chake malo amene foni imagwira bwino mu Okutobala imavuta mu Febuluwale. Chipupa chanjerwa chimachotsako gawo lina. Koma mdani wamkulu ndi amene tinamugula tokha ndi ndalama zambiri: malata. Chitsulo chimabweza mafunde. Nthawi zambiri nyumba yaudzu ya agogo imagwira netiweki kuposa nyumba yamalata ya mwana wawo.

Kukwera pamwamba kumathandiza chifukwa mafundewa amakonda njira yowongoka. Asodzi amadziwa kuti bwato likapita patali limazimirira m'maso ngakhale kunja kuli mbee, chifukwa dziko ndi lobulungira. Munthu woima pagombe amaona madzi mpaka makilomita pafupifupi 5, koma atakwera mamita 10 amaona kupitirira makilomita 11. Nyanja nayo ndi bwenzi: pamadzi palibe phiri, palibe mtengo. Nthawi zina nsanja ya tsidya lina, cha ku Malindi, ingathe kukumvani bwino kusiyana ndi yapafupi imene yabisika kuseri kwa phiri.

Foni si yamacheza okha

Wina anganene kuti makolo athu ankakhala opanda foni. Ndi zoona. Kampani ya TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel inafika mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Masiku oyambawo foni inali ya mabwana a m'tauni. Koma kuchokera pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, foni inasanduka chikwama. M'boma lino la Mangochi mabanja ambiri amadya thukuta la ana awo amene ali ku South Africa, ndipo uthenga woti ndalama yafika umabwera pafoni. Chenjezo la a nthambi yoona zanyengo loti panyanja pabwera mwera wamphamvu limafikira asodzi ambiri pafoni. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, chimayankha mafunso a zaumoyo mwaulere pa 54747 pa nambala ya Airtel. Nambala ya 116 ndi yothandiza ana ochitiridwa nkhanza. Tikumbukanso kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri kuno kunyanja: wodwala kolera amatha madzi m'thupi m'maola ochepa, ndipo kupeza msanga chomutengera kuchipatala ndiko kumalekanitsa moyo ndi imfa. Zonsezi n'zopanda ntchito kwa banja limene foni yake siigwira.

Yambani ndi zosalira ndalama

Musanagule kalikonse, dziwani nyumba yanu. Timizere ta pafoni timanama. Foni iliyonse imatiwerenga mwa njira yake. Foni zambiri za Android zimaonetsa mphamvu yeniyeni ya netiweki mukalowa pa Settings, kenako About phone, n'kufufuza pa SIM status. Mudzaona nambala yokhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo ndi zilembo za dBm kumapeto. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti zili bwino: -80 ndi netiweki yamphamvu, -110 ndi yofooka. Kusiyana kwa 10 kokha kukutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi. Kwathu tinapeza -113 kuchipinda, -105 pakhonde, ndi -93 pachulu. Ndiye kuti pachulu mafunde anali amphamvu kuwirikiza ka 100 kuposa kuchipinda. Yendani ndi foni pang'onopang'ono pawindo lililonse, muime kamphindi, mulembe zimene mwaona.

Chachiwiri, yesani makampani onse awiri. Nsanja zawo sizikhala malo amodzi nthawi zonse, ndipo pali makomo amene ina siigwira pamene inzake imagwira bwinobwino. Banja lililonse likhale ndi simukhadi ya kampani iliyonse, yolembetsedwa komanso yosatha mayunitsi.

Chachitatu, ngati cholinga ndi kuimba, ikani foni pa 2G yokha. Mafunde a 2G a 900 MHz amafika patali ndipo amalowa m'nyumba bwino kuposa a 1800 kapena 2100 MHz. Foni yosiyidwa kuti izisankha yokha imatha kukakamira 4G yofooka n'kumadukaduka. Musanyozenso kafoni kamabatani: batire lake limakhala masiku angapo, ndipo pa ngozi ndiko kamatipulumutsa.

Chachinayi, kumbukirani kuti uthenga wolemba umadutsa pamene mawu akukanika, chifukwa umafuna kanthawi kochepa chabe. Usiku uja tikanalemba uthenga n'kuika foni pawindo la kukhonde, mwina mwana sakanapita pachulu. Ndipo poimba musafumbate foni yonse m'dzanja. Eriyo yake ili m'kati, m'mphepete mwake, ndipo dzanja limaitchinga.

Eriyo yakunja imagwira bwanji ntchito

Ngati zonsezi zalephera koma panja pamalo okwera netiweki ilipo, yankho ndi kukweza khutu m'malo mokweza munthu. Imeneyo ndiyo ntchito ya eriyo yakunja: imakhala pamwamba pa mlongoti, kumene mafunde ali amphamvu, ndipo kebulo imawatsitsira m'nyumba.

Yodziwika kwambiri ndi ija yooneka ngati minga ya nsomba, ya ndodo imodzi yaitali ndi tindodo topingasa. Imatchedwa Yagi, kutengera dzina la Hidetsugu Yagi, amene pamodzi ndi Shintaro Uda anaipanga pa yunivesite ya Tohoku ku Japan mu 1926. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya munthu woika dzanja kukhutu: imasiya kumvera mbali zonse n'kulunjika mbali imodzi. N'chifukwa chake iyenera kuloza kumene kuli nsanja. Palinso ina yooneka ngati kabokosi kophwatalala, imene siivuta kulozetsa koma siifika patali ngati Yagi.

Kutalika kwa tindodoto si kwachisawawa. Funde la 900 MHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 33, ndipo kandodo kolandira kamakhala pafupifupi theka lake, masentimita 16. Eriyo ya wailesi yakanema inapangidwira mafunde otalikirapo, choncho kuilumikiza kufoni sikupindula kwenikweni. Pogula funsani kuti eriyoyo ndi ya ma MHz angati, ndipo onetsetsani kuti palembedwa manambala ofikira pa 900 ngati mukufuna yoimbira.

Apa pali chinthu chimene ogulitsa ena sanena. Foni zakale zambiri zinali ndi kabowo kumbuyo kolowetsapo eriyo. Foni zamakono zopalasa zilibe kabowo kameneka. Ndiye eriyo yakunja simungailumikize mwachindunji kufoni yanu ya WhatsApp. Njira zimene zimagwiradi ntchito ndi ziwiri.

Yoyamba ndi foni yapatebulo yolowa simukhadi, yofanana ndi zija zinkakhala m'mabyuro oimbira foni zaka za m'ma 2000. Zambiri zili ndi kaeriyo kumbuyo kamene kamamasulidwa ngati nati. Mukakamasula mumamangapo kebulo yochokera kumlongoti. Imaimba, imalandira mauthenga, ndipo ili ndi batire lake. Pa nkhani ya matenda ndi ngozi, iyi ndiyo tingailimbikitse.

Yachiwiri ndi rauta kapena ka MiFi kolowa simukhadi kokhala ndi malo omangapo eriyo. Eriyo imakoka intaneti, rauta n'kuigawa m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Izi zimathandiza pa WhatsApp, pa maphunziro a ana ndi pomvera maulaliki. Koma dziwani kuti kuimba wamba ndi kutumiza ndalama pa manambala a nyenyezi aja sikudutsa murauta. Kumafunabe netiweki ya mufoni mwenimwenimo. Timabowo ta marauta timasiyananso, ena a SMA ena a TS9, choncho pitani ndi rauta yanu kusitolo mukayese musanalipire.

Kebulo ndi pamene ambiri amaluzira. Mafunde amatha mphamvu akamayenda m'waya, monga madzi mumpaipi wodontha. Kebulo yopyapyala ya mamita 20 ingathe kudya phindu lonse limene eriyo yapeza. Gulani yonenepa, ya 50 ohm, osati ya wailesi yakanema imene ndi ya 75, ndipo ikhale yaifupi mmene mungathere. Ndi bwino kusuntha tebulo kulifikitsa pafupi ndi mlongoti kusiyana ndi kutalikitsa kebulo. Polumikizira pa panja pakulungidwe bwino ndi tepi kuti madzi asalowe, ndipo kebulo isanalowe m'chipupa ilendewere pang'ono kuti madzi a mvula azidonthera panja.

Polozetsa eriyo pamafunika anthu awiri ndi kudekha. Tindodo take tiime chilili, osati chogona. Wina azitembenuza mlongoti pang'onopang'ono, wina aziwerenga nambala ija kapena timizere, ndipo pakatembenuzidwa muzidikira kamphindi chifukwa chipangizo chimachedwa kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinayamba kulozetsa kumsewu, kumene tinkaganiza kuti n'kodziwikiratu, koma tinaipeza bwino titatembenuzira kunyanja.

Kwathu tinagwirizana makomo anayi. Tinasonkha, tinagula foni yapatebulo, eriyo ndi kebulo, tinadula bulugamu wowongoka, ndipo foniyo imakhala pabalaza pathu, potchajidwa ndi sola. Tinapangana kuti pa matenda aliyense agogode nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku. Mwa makomo anayiwo awiri ndi a anansi athu achisilamu, ndipo sipanakhalepo mkangano. Mutu umodzi susenza denga. Musakatenge katapila chifukwa cha eriyo; kambiranani ndi anansi kapena ndi akulu a mpingo.

Chenjerani ndi zachinyengo

M'misika mumapezeka timapepala tonyezimira tomata kumbuyo kwa foni, amati timakoka netiweki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kapepala kosalumikizika ku chilichonse sikangawonjezere mphamvu. N'chimodzimodzi ndi mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kuwonjezera netiweki: amangodya bandulo ndi kudzaza foni ndi zotsatsa malonda. Kukulunga waya kufoni n'kuuponya padenga nakonso nthawi zambiri n'kungodzisangalatsa.

Palinso timakina totchedwa busita, tolandira mafunde panja, kuwakuza, n'kuwaulutsanso m'nyumba. Timeneti timasiyana ndi eriyo wamba chifukwa timaulutsa tokha. Kosapangidwa bwino kapena koikidwa molakwika kamasokosera nsanja, ndipo mudzi wonse ungavutike chifukwa cha nyumba imodzi. M'dziko muno woyang'anira mafunde ndi kuvomereza zipangizo zoulutsira ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Musagule busita musanafunse kampani yanu ya foni kapena a MACRA. Mkhristu sakonza pakhomo pake poononga pa mnzake.

Ndipo ngati dera lonse lilibe netiweki, musangodandaula pachitsime. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 2016 linakhazikitsa thumba lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera akutali, lotchedwa Universal Service Fund. Lembani kalata kudzera kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko, mutchule midzi, sukulu ndi zipatala zimene zikuvutika, n'kuitumiza kumakampani ndi ku MACRA. Safunsa anadya phula.

Mphenzi, mawaya a magetsi ndi mwera

Tsopano tifike pa nkhani imene yatilemetsa mtima. Mphenzi imapha anthu ambiri m'dziko muno. Kafukufuku wina wochitikira ku Nkhata Bay, amene anafalitsidwa mu 2012, anapeza kuti kumeneko mphenzi inkapha anthu okwana 84 mwa anthu miliyoni imodzi pa chaka, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi maiko ena. Ife okhulupirira sitinena kuti mphenzi ndi yotumizidwa ndi munthu. Ndi magetsi a m'mitambo, ndipo amakonda chinthu chotalika kuposa zinzake. Foni yam'manja payokha siikoka mphenzi. Choopsa ndi pamene munthu waima: pachulu, paphiri, pansi pa mtengo wautali, pabwalo, pagombe kapena m'bwato.

Mlongoti wa eriyo nawonso ndi chinthu chotalika, ndipo kebulo yake ndi njira yolowera m'nyumba. Choncho pali malamulo amene sitiwaphwanya. Eriyo ilumikizidwe ndi waya wonenepa wa kopa wotsikira ku ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi m'nthaka, ndipo ntchito imeneyi agwire wodziwa zamagetsi. Mitambo ikayamba kuda, bingu lisanamveke pafupi, masulani kebulo kufoni kapena kurauta n'kuiika kutali ndi anthu. Kukamagunda musagwire kebulo kapena foni yolumikizidwa kumlongoti kapena kutchaja. Dikirani mphindi 30 chigundire bingu lomaliza.

Mwina mwaona kale vuto: usiku ngati uja wathu, wamabingu, eriyo nayo ikanakhala yomasula. Ndi zoona, ndipo sitikubisa. Eriyo imathandiza masiku ambiri a pachaka, koma siilowa m'malo mwa kukonzekera. Woyembekezera apite kuchidikiro nthawi imene anamwino anena, makamaka m'dzinja. Wodwala amene akuoneka kuti akufooka apite kuchipatala dzuwa likadalipo. Cholakwa chathu chachikulu sichinali kusowa eriyo. Chinali kuika munda patsogolo pa malangizo a kusikelo.

Munthu akaombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni msanga osaopa. Ngati sakupuma, yambani kumupopa pachifuwa ndipo ena athamangire thandizo. Apathfinder athu amaphunzira chithandizo choyamba. Apempheni adzaonetse mpingo wonse.

Ngozi ina ndi mawaya a ESCOM. Mlongoti wachitsulo, ngakhale nsungwi yaiwisi kapena yonyowa, ukakhudza kapena kungoyandikira mawaya a mphamvu yaikulu, woigwira amafera pomwepo. Imikani mlongoti pamalo oti utagwa mbali ina iliyonse sungafike pamawaya. Mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwake ndiye wabwino. Musatume ana padenga, musakwere malata onyowa, musagwire ntchitoyi nokha. Pomaliza kumbukirani mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imagwedeza chilichonse kuno kunyanja. Mangani mlongoti ndi mawaya atatu okokera pansi, ndipo chaka ndi chaka muzifukula patsinde kuona ngati chiswe sichinalowe.

Nanga mafundewa sadwalitsa?

Alongo ena a Dorika anatifunsa ngati kuika eriyo pakhomo si kuitana khansa. Funsoli ndi loyenera kwa anthu amene timakhulupirira kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu. Mu 2011 nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa, ya IARC, inaika mafunde amenewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Kuchokera apo ofufuza anapitiriza, ndipo mu 2024 kafukufuku wamkulu amene WHO inapempha, wounika zofufuza za zaka zambiri m'maiko osiyanasiyana, sanapeze mgwirizano pakati pa kugwiritsa ntchito foni ndi khansa ya mu ubongo.

Chodabwitsa n'chakuti netiweki yofooka ndiyo imachititsa foni kutulutsa mafunde ambiri. Nsanja ikakhala kutali foni imakuwa ndi mphamvu zake zonse, mpaka mawati 2 pa 2G, n'chifukwa chake imatentha kukhutu ndipo batire silichedwa kutha. Ndi eriyo yakunja kukuwako kumachitikira pamwamba pa mlongoti, kutali ndi mutu wa munthu. Amene akufuna kusamala kwambiri azilankhula foni ili pa sipika kapena ndi zam'makutu, ndipo asamagone nayo kunsi kwa pilo.

Walira mvula walira matope

Kuvulaza kwenikweni kwa foni kumene ife taona ndi maso athu n'kwina. Patapita miyezi tinawonjezera rauta chifukwa cha sukulu ya mnyamata uja. Sipanathe masabata awiri, pakhomo panasintha. Kale chulu chinkatiteteza osadziwa: munthu sangakhale pachulu usiku wonse udzudzu ukumuluma. Tsopano intaneti inafika mpaka pamphasa. Mnyamata ankadzuka maso ali psuu. Pa kupembedza kwa madzulo nyimbo inkadukizidwa ndi kulira kwa mauthenga. Nafenso, tisaname, tinapezeka tikupalasa foni nsima ikuzizira.

Mayi Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, anaika kupuma pakati pa mankhwala achilengedwe amene Mulungu anatipatsa, pamodzi ndi mpweya wabwino, dzuwa, madzi ndi kudziletsa. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo foni ya pamphasa imaba maola amenewa. Pa khomo lomwelo pamene pamalowa phunziro la Sukulu ya Sabata pamalowanso kubetcha mpira, zithunzi zolaula, ndi akuba aja olemba kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi.

Tinakhala pansi banja lonse n'kupangana. Rauta imazimitsidwa 9 koloko usiku, ndipo foni zonse zimagona pabalaza, za makolo zomwe. Pa chakudya ndi pa kupembedza foni zimakhala m'dengu. Nambala yachinsinsi ya ndalama siiuzidwa munthu aliyense woimba, ngakhale atati ndi wa kukampani. Lachisanu dzuwa lisanalowe timaimbira ana athu akutali kuwafunira Sabata labwino, timatsitsiratu phunziro ndi nyimbo, kenako rauta imapuma mpaka Sabata litatuluka. Koma foni yapatebulo ija siizimitsidwa. Pa Marko 3 timawerenga za Yesu akuchiritsa munthu wopuwala dzanja m'sunagoge tsiku la Sabata. Mnansi akagogoda Loweruka m'mawa kuti mwana wakomoka, timaimba kaye, kutchalitchi timafika mochedwa, ndipo mtima sutitsutsa.

Pakhoma pafupi ndi foniyo tinamata pepala la manambala olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, chipatala chapafupi, eni galimoto awiri, wa kabaza wa njinga yamoto, amfumu, mkulu wa mpingo, ndi 54747. Mwana aliyense wodziwa kuwerenga tinamuphunzitsa kuimba. Tikupemphani, abale ndi alongo, kuti sabata ino muchite chimodzimodzi ngakhale mulibe eriyo. Yendani ndi foni pakhomo panu mudziwe windo limene imagwira, lembani manambala, ndipo mugwirizane kuti kukamagunda palibe wokwera chulu.

Zakeyu anakwera mumkuyu chifukwa pansi sankatha kuona Yesu, koma nkhani ya pa Luka 19 siithera mumtengo. Ambuye anamutsitsa n'kupita naye kunyumba, ndipo kumeneko ndiko moyo wake unasinthira. Nafenso tatsika pachulu. Udzu wayambanso kumera pamwamba pake, ndipo mdzukulu uja, amene tsopano akuyenda, amathamangitsa mbuzi m'munsi mwake. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kusamala mabatire a sola m'nyumba mmene muli ana aang'ono.